Zitini Zitatu za mu Firiji

Firiji yathu ya ku Lavington inali yaikulu kuposa nzeru zanga. Ndiyambire pamenepo, chifukwa ikanakhala kakang'ono ngati ka anzathu ena bwenzi nkhani inoyi kulibe, ndipo bwenzi lero ndikuonera kanema ngati munthu wina aliyense m'malo motuluka thukuta magetsi akangozimitsidwa.

Tinafika ku Nairobi cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Bambo a kunyumba anali atapeza ntchito ku bungwe lina la mayiko ambiri, ine n'kusiya yanga yotayipa ku Blantyre kuwatsatira. Ana akapita kusukulu ndinkatsala ndekha pa fulati, kumangopukuta zopukuta kale. Tsiku lina nditatopa nako kuyang'ana makoma ndinakwera basi kupita m'tauni kukagula nsalu ya makatani. Sitolo imene ndinalowa inali ya Aluya, amene kumeneko amawatcha Waarabu. Ndisabise, ndinalowa nditapanira chikwama m'khwapa, poti za Aluya zimene ndinkadziwa zinali za m'buku la ku pulayimale basi.

Wondiyezera nsalu anali mtsikana wamtali, wa maso akuthwa, ndipo ankayeza moipa zedi. Mamita anayi okha anawawerenga katatu. Nditati ndimukalipire, iye anati, "Dada, taima pomwepo, usasunthe. Dzuwa la pakhomopo lakugwera bwino patsaya." Ndinati kodi munthuyu mutu ukugwira? Koma ndinaima ndithu. Umo ndi mmene tinadziwirana, ndipo kuyambira tsikulo tinkaitanana kuti dada, kutanthauza mchemwali pa Chiswahili.

Anali mwana wa mwini sitoloyo. Agogo ake anachokera ku Yemen n'kudzakhala ku Mombasa, bambo ake n'kusunthira ku Nairobi ndi malonda a nsalu. Iye anali atangobwerako kunja kumene anaphunzira zopanga mafilimu kwa zaka ziwiri. Bambo akewo anamupatsa chaka chimodzi chokha: atulutse filimu yoti anthu aione, apo ayi abwerere pa kauntala kukadikira mwamuna. Tinkalankhulana Chingerezi chosakaniza ndi Chiswahili changa chothyokathyoka. Ankabwera kwathu masana, kudya zitumbuwa zanga ataimirira, n'kumandiseka kuti ndimagwada popatsa mlendo madzi. Ine ndinkamubwezera kuti tiyi wa kwawo amathiramo zokometsera ngati akuphika nyama. Ndinamukonda mtsikana uja, abale, ndipo n'chimene chimandiwawa kwambiri.

Filimu yake inali yonena za amayi ake. Mayiwo ankapanga udi, zofukiza zimene akazi a kwawoko amafukizira zovala ndi tsitsi, makamaka pa ukwati. Ankasakaniza tizidutswa ta mtengo wonunkhira ndi shuga ndi mafuta pa mbaula, uku akuimba nyimbo zimene anaphunzira kwa amayi awo. Kwa miyezi anakana kujambulidwa. Potsiriza anavomera, koma anaika lamulo: tsiku limodzi lokha, ndipo m'chipindamo musalowe mwamuna ngakhale phazi lake.

Vuto linali pamenepo. Kamera imene anabwereka inkayenda ndi mwamuna wake wodziwa kuikamo filimu. Ntchito imeneyi imachitikira mumdima. Munthu amalowetsa manja m'thumba lakuda la mikono iwiri n'kumachita zonse mopapasa, osaona kanthu. Amuna a kumalo obwereketsa makamera anamuuza mnzangayo m'maso muli gwa kuti si ntchito ya zala zopaka utoto wa hina. Iye anabwereka thumbalo n'kumayeserera ndi filimu yakutha pa tebulo la kukhitchini kwanga masabata awiri, nkhope kumwamba, maso atatsinzina, pakamwa pakucheza nane. Anandiuza kuti filimu imaopa kuwala. Ine ndinamva, koma ndinamva theka. Ndinaganiza kuti imaopa kuwala isanajambule, ndipo ikajambula basi, zithunzi zauma ngati inki papepala.

Wothandiza wake tsiku lojambula ndinali ine, poti pankafunika mkazi. Ntchito yanga inali kugwira thabwa lomatidwa pepala lonyezimira kuti dzuwa la pawindo ligwere pa manja a mayi aja. Kuti litero ndinayenera kukwera pamwamba pa tebulo, mwendo umodzi pa kabati. Ndi diresi langa lofika m'mapazi, zinakanika. Mnzanga anatsegula kabatiyo n'kundiponyera thalauza lake labuluu.

Ana a masiku ano sangamvetse. Kwathu nthawi imeneyo mkazi kuvala thalauza unali mlandu wa kukhoti. Ine ndinali ndisanalivalepo chibadwire. Ndinakana kawiri, kachitatu ndinavala. Ndinadzimva ngati ndili mbulanda, koma ndinene zoona, linandikomera. Mayi aja anaimba, utsi unakwera, chipinda chonse chinanunkhira moti misozi inalengeza m'maso mwanga. Nthawi ina chapakati ndinaona diso la kamera likutembenukira kwa ine, mnzanga akuseka kumbuyo kwake. Nane ndinaseka, n'kuika dzanja m'chiuno, mwendo uli pa kabati. Chitsiru ine, ndinachita kudzikonza tsitsi.

Mawa lake mnzanga anabwera ndi zitini zitatu zaphwatalala ngati mbale, zomata ndi tepi m'mbali. Anati filimu yonse ili mmenemo. Inayenera kupita ku London kukatsukidwa, ndipo msuweni wake woitenga ankanyamuka patapita masabata atatu. Kutentha kumaiwononga, ndipo firiji ya kwawo inali yodzaza nyama, kuwonjezera apo alongo ake ankagwiragwira chilichonse. "Kwa iwe ndiye ndigona tulo," anatero. "Koma usatsegule." Ndinayankha kuti nanga nditsegulirenji, kodi muli nsomba? Tinaseka. Mumtima ndinkati akuopa fumbi.

Lamlungu lotsatira Amalawi tinakumana ku Karen, kunyumba ya bwana wina wamkulu, monga tinkachitira tikatuluka m'tchalitchi. Ndinali nditadzitama kale kwa amayi awiri atatu kuti ndathandiza kupanga filimu. Za thalauza sindinatchule. Tikutsuka mbale, mayi wina amene aliyense ankamuopa chifukwa cha makutu ake aatali anandiyandikira akumwetulira.

"Tamvatu kuti mwasanduka wa mu kanema, amayi. Adzationetsa liti? Komatu muzisamala, zinthu zimenezi zimayenda. Zimakafika mpaka kumudzi."

Pobwerera, ana atagona kumpando wa kumbuyo, bambo a kunyumba anandifunsa osandiyang'ana. Mapasipoti athu anali pafupi kutha, ndipo ntchito yawo inkadalira kuti kwathu kukhale kopanda chonena pa ife.

"Za filimuzi, mulibe choti chingatichititse manyazi, eti?"

"Mulibe," ndinatero.

Lolemba m'mawa, ana atapita, ndinatenga sizasi. Maganizo anga anali achidule: ndipeze kachidutswa kamene kali ndi ine, ndikadule bwinobwino, ndilumikize ndi tepi, palibe adzadziwe. Ndinali nditaonapo timafilimu ta kojambulitsa zithunzi ku Limbe. Ukatikweza padzuwa umaona anthu ang'onoang'ono a nkhope zakuda ndi tsitsi loyera. Ndinkayembekezera zomwezo.

Ndinayala nsalu yoyera pansi kuti fumbi lisakhudze, poti ndinali munthu wosamala. Ndinamatula tepi ya chitini choyamba, kuchotsa kathumba kakuda ka m'kati, n'kupita pawindo la kukhitchini. Dzuwa linali la teni koloko, loswa mtengo. Ndinakweza filimu ija. Munalibe kanthu. Inali lamba wotuwa basi, wopanda ngakhale mthunzi wa munthu. Ndinati mwina zithunzi zili m'kati. Ndinaitambasula, kuitambasula, mpaka yonse inaunjikana pansaluyo. Ndinatsegula chachiwiri. Ndinatsegula chachitatu. Kalanga ine, zonse zitatu! Kuzikulunganso kunanditengera mpaka nthawi yokatenga ana, zala zikutuluka thukuta.

Ndipo mukudziwa chimene ndinamva poyamba? Mpumulo. Ndinati kamera ija sinagwire kanthu, ndapulumuka. Ndikubwezera chitini chomaliza mu firiji m'pamene mawu ake anandibwerera, akuti filimu imaopa kuwala, ndiponso akuti ipite ikatsukidwe. Ndinakumbukira kuti ku Limbe kuja munthu ankadikira sabata kuti zithunzi zitsukidwe kaye. Ndinakhala pansi. Akuluakulu ananena kuti safunsa anadya phula. Koma ine phula lake ndinadyetsa mnzanga.

Zitini zinapita ku London ine ndili chete. Ndinachita kuzikulunga m'thaulo langa latsopano n'kumupatsa mnzanga ndi manja awiri.

Patapita mwezi ndi theka anabwera popanda odi. Anadutsa pabalaza n'kukakhala pansi kukhitchini, msana atatsamira firiji yomweyo, kalata m'manja. Otsuka aja analemba kuti filimu yonse inapsa ndi kuwala, ndipo inali yokulungidwa molakwika, yodzaza zidindo za zala. Amuna obwereketsa makamera anali ataiona kale kalatayo. Sanaseke n'komwe, anati, anangoyang'anana.

"Magetsi anazimapo kuno?" anandifunsa.

"Ayi."

"Ndikudziwa. Kutentha sikuchita zimenezi." Anatambasula manja ake n'kumawayang'ana. "Ndi awa. Ndinatsegula thumba nthawi isanakwane, kapena sindinatseke zipi. Ndinali wotopa, sindikukumbuka. Ananena zoona anthu aja."

Pamenepo m'pamene ndikanalankhula. Panalibe mwamuna wanga, panalibe mayi wa ku Karen, panalibe boma. Tinali awiri basi. Ine ndinatereka ketulo. Ndinamuthirira tiyi, ndinamugwira paphewa, ndipo pakamwa pangapa panatuluka mawu akuti, "Pepa dada, n'za Mulungu izi." Ndinanamizira Mulungu, amene sanagwire sizasi.

Mundifunse chifukwa chake, ndilibe yankho labwino. Ndinaopa kuti akakwiya nkhani ikafika kwa bambo a kunyumba, ndipo thalauza litulukira. Ndinaopa kutaya mnzanga yekhayo amene ndinali naye mumzinda wa eni. Ndinati ndimuuza sabata yamawa mtima wake ukatsika. Sabata yamawa inafika, ndipo zinali zovuta kuposa sabata yatha.

Mnzanga anakawagwadira amayi ake kuti ajambulenso. Iwo anakana. Anati ananena tsiku limodzi, ndipo ngati Mwini zonse wafufuta, iwo ndi ndani kuti alembenso. Chaka chisanathe mayiwo anadwala, ndipo sanadzukenso. Ndinapita kumaliro, ndinasenda anyezi ndi akazi a pabanjapo masiku atatu, ndipo azakhali ake ankandiloza kuti uyu ndiye mnzake weniweni. Ndinkavomera ndi mutu. Manyazi anga ndinkabisa m'misozi ya anyezi.

Chaka chija cha bambo ake chinatha popanda filimu. Anabwerera pa kauntala, kuyeza nsalu, ndipo tsopano ankayeza molondola. Amuna amene ankabwera kudzamufunsira ankawakana mmodzimmodzi mpaka bambo ake anatopa. Patapita zaka zitatu bungwe lina linkafuna munthu wojambula amayi ku masikelo a ana, ndipo ndinawaumiriza bambo a kunyumba mpaka anakamutchula kwa anzawo. Musanditame. Ndinkagula tulo.

Kuyambira pamenepo anayamba kukwera. Anajambula za zitsime, za katemera, za amayi ogulitsa masamba. Anali ndi njira yakeyake: ankakhala ndi amayiwo masiku angapo kamera ili m'bokosi, kusenda nawo nandolo, mpaka aiwale kuti ndi mlendo. Kenako anapanga filimu yake yaifupi ya atsikana a m'tauni yakale ya Mombasa, ndipo anaiitanitsa kunja. Amuna aja amene anayang'anana anayamba kumuimirira akalowa. Koma thumba lakuda sanaligwirenso. Kulikonse ankayenda ndi bambo wina wa imvi womuikira filimu, ndipo bamboyo akalowetsa manja m'thumba iye ankayang'ana kumbali.

Cha pakati pa zaka za m'ma 1980 filimu yake ija inaonetsedwa m'holo ina m'tauni, Loweruka masana. Anandisungira mpando kutsogolo. Itatha, mtsikana wina wa ku yunivesite anamufunsa za filimu yake yoyamba. Iye anaseka n'kufotokoza nkhani yonse, ya amayi ake, ya udi, ya thumba. "Ndinaipha ndekha ndi manja angawa," anatero. "Munthu mmodzi yekha amene anagwira ntchito yake bwino pa filimu imeneyo ndi dada wanga wa ku Malawi, amene anaisunga mu firiji ngati mwana wake. Taimirira akuone."

Anthu anaomba m'manja. Ndipo ine ndinaimirira! Ndinatembenuka, ndinawerama pang'ono monga tinaphunzitsidwira kwathu. Mpaka lero ndikakumbukira kuwerama kumeneko ndimafuna nthaka itang'ambika.

Miyezi ingapo pambuyo pake ntchito ya bambo a kunyumba inatha, tinayamba kumanga katundu. Firiji tinagulitsa, ndipo ndinasangalala kuiona ikutsika masitepe. Ndinapita kukatsanzikana ndi mnzanga ku Ruaka, kunja kwa Nairobi, kumene ankajambula amayi otunga madzi. Masiku amenewo kunali minda ya khofi ndi kamsika kakang'ono basi. Ndinamupeza nthawi ya nkhomaliro, atakhala pa bokosi la kamera pansi pa mtengo. Anandigawira chimanga chootcha n'kuyamba kundiuza nkhani ngati yopanda ntchito.

Amayi ake aang'ono a ku Mombasa, omaliza odziwa udi wa pabanjapo ndi nyimbo zake, anali atakalamba kwambiri. Iwowo anamuitanitsa okha kuti abwere adzajambule pa ukwati wa mdzukulu wawo mwezi wotsatira. Lamulo linali lomwe lija, m'chipinda cha akazi musalowe mwamuna, ndipo kamera isatuluke mpaka zonse zitatha.

"Ndiye upita liti?" ndinafunsa.

"Ndawakana. Mkazi wondiikira filimu ndamusowa. Ine sindingaphe amayi anga kawiri."

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, panalibe wina woti anditsegulire. Ndinaika chitsononkho pansi, ndinagwada pafumbi pomwepo, ndipo ndinanena zonse. Sindinakometse. Ndinanena za ku Karen, za sizasi, za nsalu yoyera, za windo, za zitini zonse zitatu. Ndinati zidindo za zala zimene analemba a ku London zija zinali zanga. Ndinati manja ake sanalakwe kanthu.

Sanakuwe. Bwenzi zili bwino akanakuwa, kapena kundimenya ndi chitsononkho chija. Anandiyang'ana ndi maso ake akuthwa aja n'kundifunsa.

"Unkafuna chiyani m'zitinimo?"

"Ndinkafuna kudzidulamo. Chifukwa cha thalauza."

"Thalauza." Anaseka kamodzi kokha, kuseka kouma. "Dada, kamera ikamajambula imalira. Unaimva ikulira nthawi ija? Ndinkangoyang'ana ngati dzuwa lasuntha pathabwa lako. Filimu inali yochepa, sindikanaitaya pa iwe. Sunalimo. Ngakhale chala chako munalibe. Munali amayi anga okhaokha."

Ndinayesa kunena kuti pepa, mawu anatuluka ngati a mwana.

Iye sankandionanso. Anali atatambasula manja ake pamaondo, kuwatembenuza uku ndi uku, monga anachitira kukhitchini kwanga. "Zaka zisanu ndi ziwiri," anatero, osati kwa ine. Kenako anaitana bambo wa imvi uja, amene ankadya chapatali, kuti abwere ndi thumba ndi chitini chatsopano. Bamboyo anayankha kuti zonse waika kale. Iye anati abweretse basi.

Anayala thumbalo pabokosi, anatseka zipi, anaikokanso kuti atsimikize, ndipo analowetsa manja.

"Matatu, maminibasi aja, akudutsa pamsewu apo," anatero, nkhope ili kumwamba. "Pita, dada. Ndili pa ntchito."

Ndinadzuka, fumbi lili m'maondo, ndinayenda kudutsa m'khofi mpaka pamsewu. Nditacheuka anali akadali pomwepo, manja m'thumba, maso atatsinzina. Sanandilembereko kalata, ndipo ine ndinalemba ziwiri n'kuleka, poti ndinaona kuti ndikupempha chinthu chimene sindiyenera.

Patapita zaka mnzathu wina wochokera ku Nairobi anandiuza kuti filimu ya udi inatuluka, ndipo akazi ankalira poionera. Anati muli gogo wina wa ku Mombasa akuimba pa mbaula, utsi ukukwera. Anandifunsa ngati ndingakonde kuti anditumizire tepi yake. Ndinati asavutike. Ndikudziwa kale amene mulibe mufilimu imeneyo: ndi amayi ake a dada wanga, ndipo anawachotsamo ndine.